ADHD pa Yunivesite: Vuto Limene Kawirikawiri Silibwera Lokha

Moni owonera nonse. Lero tikambirana za vuto la mu ubongo limene madokotala amalitcha ADHD, mmene limaonekera mwa ophunzira a pa yunivesite, ndiponso matenda ena a maganizo amene amakonda kubwera nalo limodzi.

[Chithunzi: chipinda chogona cha wophunzira, usiku, laputopu ili chiyakire pa tebulo.]

Tiyerekeze mtsikana wa chaka choyamba pa yunivesite. Nthawi ili 8 koloko madzulo, ndipo mawa m'mawa akuyenera kupereka ntchito imene aphunzitsi anapereka masabata atatu apitawo. Watsegula laputopu, walemba mutu wa nkhani, kenako wakumbukira kuti pali buku limene anayenera kubweza ku laibulale. Pofuna kuona tsiku lobwezera bukulo watenga foni, pa foniyo wapeza uthenga wa mnzake, ndipo poyankha uthengawo wakumbukira kuti zovala zimene ananyika m'mawa zidakali m'madzi. Pamene akubwerera pa tebulo nthawi yakwana 11 koloko usiku, ndipo pa tsamba lija pali mutu wa nkhani wokhawokha. Mtima wayamba kugunda kwambiri, manja achita thukuta, ndipo chodabwitsa n'chakuti mantha omwewo ndi amene amukhazika pansi. Kuyambira 1 koloko usiku mpaka mbandakucha walemba osadzutsa mutu, ndipo ntchito ija wapereka kutatsala mphindi zochepa. Zimenezi zakhala zikuchitika pa ntchito iliyonse kuyambira pamene semesita inayamba. Pofika mwezi wachinayi, mtsikanayu sakugonanso bwino, amapezeka akulira popanda chimene chamuputa, ndipo wayamba kukhulupirira kuti amene anamusankha kuti apite ku yunivesite analakwitsa.

Tsiku limene adzapite kwa mlangizi kapena dokotala, adzanena kuti ali ndi nkhawa ndipo wataya mtima, ndipo adzakhala akunena zoona. Koma pali funso limodzi limene likapanda kufunsidwa, thandizo limene alandire lidzangofika pamwamba pa vutolo, ndipo funso lake ndi lakuti: kodi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi kumeneku kunayamba liti? Ndikupemphani kuti musunge funso limeneli m'mutu, chifukwa tilibwerera kangapo.

ADHD ndi chidule cha dzina la Chingelezi lofotokoza zinthu ziwiri zimene zimachitika mwa munthu kuyambira ali mwana. Choyamba ndi kulephera kusunga maganizo pa ntchito imene akugwira, kuiwalaiwala, kutaya zinthu ndi kulephera kulongosola zochita. Chachiwiri ndi kusakhazikika komanso kuchita zinthu mopupuluma, monga kudula ena mawu kapena kulephera kudikira. Ena amaganiza kuti vutoli labwera ndi mafoni a masiku ano, koma dokotala wa ku Scotland dzina lake Alexander Crichton analemba za kusakhazikika kwa maganizo kotereku mu 1798, ndipo mu 1902 dokotala wa ana George Still anafotokozera madokotala anzake ku London za ana amene ankalephera kudziletsa ngakhale kuti nzeru zawo zinali zabwinobwino. Dzina lakuti ADD, limene anthu ambiri akuligwiritsabe ntchito, linalowa m'buku la madokotala a matenda a maganizo a ku America lotchedwa DSM mu 1980, ndipo mu 1987 linasinthidwa kukhala ADHD. Lero munthu amene vuto lake ndi kubalalika maganizo kokha, wosavutitsa aliyense m'kalasi, amawerengedwanso kuti ali ndi ADHD.

[Pa sikirini: zizindikiro 9 ndi 9, miyezi 6, asanakwane zaka 12, malo awiri kapena kuposerapo.]

Buku la DSM-5, limene linatuluka mu 2013, lili ndi mndandanda wa zizindikiro 9 za kubalalika maganizo ndi zina 9 za kusakhazikika ndi kupupuluma. Mwana amafunika kukhala ndi zizindikiro 6 pa mndandanda umodzi, pamene munthu wa zaka 17 kapena kuposerapo amafunika 5. Zizindikirozo ziyenera kukhala zakhalapo kwa miyezi 6 kapena kupitirira, ziyenera kuonekera m'malo awiri kapena kuposerapo, monga kusukulu ndi kunyumba, ndipo ziyenera kukhala zikusokoneza moyo wa munthuyo. Chofunika kwambiri pa nkhani yathu n'chakuti zina mwa zizindikirozo ziyenera kukhala zinalipo munthuyo asanakwane zaka 12. ADHD siyamba munthu ali ndi zaka 19. Imatha kuonekera poyera pa msinkhu umenewo, koma mizu yake imakhala ili ku ubwana.

Pa ana 100 alionse padziko lapansi, pafupifupi 5 ali ndi vutoli, ndipo pa akuluakulu 100 alionse alipo awiri kapena atatu. Kafukufuku amene wachitika pa mapasa akusonyeza kuti pafupifupi 74 peresenti ya kusiyana kwa anthu pa vutoli imachokera ku chibadwa, n'chifukwa chake wophunzira akapezeka nalo, nthawi zambiri mmodzi wa makolo ake amadzizindikira yekha pomva mwana akufotokoza. Mu ubongo, vutoli limakhudza kwambiri mbali ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imakonza mapulani, kusunga nthawi ndi kuletsa munthu kuchita chilichonse chimene chamubwerera m'mutu. Limakhudzanso kayendedwe ka timadzi tonyamula mauthenga mu ubongo totchedwa dopamine ndi noradrenaline. Mu 2007, Philip Shaw ndi anzake ku America anajambula ubongo wa ana ambiri kwa zaka zingapo ndipo anapeza kuti mwa ana a ADHD, khungu la ubongo limachedwa kukhwima ndi zaka pafupifupi zitatu, makamaka mbali ya kutsogolo ija. Ndatchula zimenezi chifukwa ophunzira ambiri a vutoli amafika pa yunivesite atamva mawu akuti "waulesi" kwa zaka khumi ndi ziwiri, mpaka anayamba kudzitchula okha choncho.

Nanga ngati vutoli limayamba ku ubwana, n'chifukwa chiyani ena amadzalizindikira ali pa yunivesite? Ku pulayimale ndi ku sekondale mwana amakhala atazunguliridwa ndi anthu amene amamugwirira ntchito ya mbali ya kutsogolo ya ubongo ija. Belu limamuuza nthawi yolowa ndi yotuluka, mphunzitsi amaona kope lake mawa lomwe, kholo limamudzutsa ndi kumufunsa ngati walemba ntchito. Mwana wanzeru amene ali ndi ADHD amatha kudutsa m'makalasi onsewa akukhoza bwino, chifukwa amagwira zinthu msanga ndipo nthawi ina ndi ina amauzidwa chochita. Pa yunivesite zonsezi zimachoka tsiku limodzi. Palibe amene amamufunsa akajomba, ntchito imaperekedwa lero kuti idzabwezedwe pakatha mwezi, ndipo mabuku ofunika kuwerenga ndi ochuluka moti sangawamalize usiku umodzi. Atsikana ndi amene amadutsa kwambiri osazindikiridwa, chifukwa ambiri mwa iwo sakhala ovuta m'kalasi. Amangokhala phee, maso ali pa bolodi koma maganizo ali kutali, ndipo mphunzitsi wotanganidwa sadandaula za mwana wachete.

Msinkhu umenewu ulinso ndi vuto lake palokha. Kafukufuku wamkulu amene Ronald Kessler wa ku Harvard ndi anzake anafalitsa mu 2005 anasonyeza kuti theka la matenda a maganizo amakhala atayamba munthu akamafika zaka 14, ndipo magawo atatu mwa anayi amakhala atayamba akamafika zaka 24. Zaka za pa yunivesite zili pakati penipeni pa nyengo imeneyi. Mu 2018, ntchito ya kafukufuku ya Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse, WHO, inafalitsa zimene inapeza itafunsa ophunzira a chaka choyamba pafupifupi 14,000 m'makoleji 19 a m'mayiko 8, kuphatikizapo South Africa, Mexico, Germany ndi Australia. Ophunzira 35 pa 100 alionse anaonetsa kuti anadwalapo limodzi mwa matenda a maganizo odziwika bwino.

[Pa sikirini: 55 pa 100, ndi 11 pa 100.]

Tikafika kwa amene ali ndi ADHD, ziwerengero zimakwera kwambiri. Arthur Anastopoulos ndi anzake anayeza mosamala ophunzira a chaka choyamba m'makoleji a ku America, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 2018 zinali zakuti ophunzira 55 pa 100 alionse amene anali ndi ADHD analinso ndi nthenda ina ya maganizo, pamene mwa anzawo opanda ADHD analipo 11 okha pa 100. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene Kessler anapeza mu 2006 mwa akuluakulu a ku America, kuti pa amene anali ndi ADHD, 47 peresenti analinso ndi matenda a nkhawa, 38 peresenti anali ndi matenda ovutika maganizo kapena osinthasintha maganizo, ndipo 15 peresenti anali ndi vuto la mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Choncho dokotala akakumana ndi wophunzira amene ali ndi ADHD, n'kwanzeru kuyembekezera kuti pali china chimene chabisala pambali pake.

Nkhawa ndi imene ndikufuna tiikhalire pansi pang'ono, chifukwa ndi imene imasokoneza kwambiri. Munthu amene kwa zaka zambiri wakhala akuiwala masiku a mayeso, kutaya makiyi ndi kufika mochedwa, amaphunzira kukhala tcheru nthawi zonse, mtima uli m'mwamba, podziwa kuti penapake pali chinthu chimene waiwala ngakhale sakudziwa kuti n'chiyani. Nkhawa yotereyi ili ndi chifukwa chake chenicheni, ndipo, monga taonera kwa mtsikana uja, imasanduka injini yokhayo imene imamuyendetsa. Kunja amaoneka wakhama ndi wosamala, wobwereza ntchito katatu asanapereke, moti ADHD imabisika kotheratu, koma mtengo wake amalipira ndi thupi lotopa ndi tulo tosowa. Kumbali ina, nkhawa payokha imabalalitsanso maganizo. Kusiyana kwake kumamveka munthu akafunsidwa kumene maganizo ake amapita akachoka pa buku. Wa nkhawa amati amapita ku zimene akuopa, monga kulephera mayeso kapena kukhumudwitsa makolo. Wa ADHD amati amapita kulikonse, ku mbalame imene yadutsa pa windo, ku nyimbo, ku maganizo atsopano osangalatsa, ndipo zimenezi zimachitika ngakhale tsiku limene alibe chomudetsa nkhawa.

Matenda ovutika maganizo, amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti depression, amabwera mwa njira yofanana. Wophunzira amaona anzake amene iye ankawaposa ku sekondale akumupitirira, amalonjeza mumtima kuti sabata yamawa asintha, sabatayo ikafika amalepheranso, ndipo pang'onopang'ono amafika pokhulupirira kuti ndi wachabechabe. Apa ndi pamene funso lathu lija limagwira ntchito kwambiri. Matenda ovutika maganizo amabwera ngati nyengo: amakhala ndi poyambira, amatenga masabata kapena miyezi, ndipo munthu amatha kunena kuti chaka chatha sanali chonchi. Amachotsanso chisangalalo pa zinthu zonse, ngakhale zimene munthuyo amazikonda. ADHD ilibe poyambira pamene mwini wake angaloze, ndipo wa ADHD yokha amatha kukhala maola asanu pa chinthu chimene chamusangalatsa osamva njala. Wophunzira akalandira mankhwala a matenda ovutika maganizo, n'kusiya kulira, n'kuyamba kudya ndi kucheza bwino, koma ntchito zake n'kumachedwabe ngati kale, m'pofunika kubwerera kwa dokotala kuti afufuze za ubwana wake.

Pano ndiyenera kunena mosapita m'mbali kuti ADHD ikaphatikizana ndi matenda ovutika maganizo, chiopsezo chofuna kudzipha chimakula, chifukwa kutaya mtima kumakumana ndi kupupuluma. Ngati inuyo amene mukuonera muli ndi maganizo oterowo, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe ndipo pitani kuchipatala osadikira kuti mayeso athe. Ngati ndi mnzanu amene wanena zoterezi, musaope kumufunsa mwachindunji, chifukwa kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, ndipo musamusiye yekha mpaka atapeza thandizo.

Tulo ndi mbali imene anthu amainyozera. Akuluakulu ambiri a ADHD ali ndi wotchi ya m'thupi yochedwa, kutanthauza kuti timadzi totchedwa melatonin, timene timauza thupi kuti kwada, timatuluka mochedwa kusiyana ndi mwa anthu ena. Amakhala m'maso muli gwa mpaka 2 koloko usiku, koma kalasi yoyamba ili 8 koloko m'mawa. Kusowa tulo kumawonjezera kuiwala, kupsa mtima ndi nkhawa, ndipo munthu aliyense wogona maola anayi usiku uliwonse akhoza kuoneka ngati ali ndi ADHD pamene alibe.

Pa nkhani ya mowa, fodya ndi chamba, achinyamata a ADHD amakonda kuyamba msanga ndipo amavutika kwambiri kusiya. Ena amati chamba chimawathandiza kugona kapena kuziziritsa mutu umene sukhala chete, koma chamba chomwecho chimafooketsa kukumbukira ndi kuika maganizo pa ntchito, ndiye kuti chimakulitsa vuto limene amafuna kulithawa. Makolo ambiri amaopa kuti mankhwala a ADHD angamuzoloweretse mwana mankhwala ozunguza bongo, koma kafukufuku wotsatira anthu kwa zaka zambiri sanapeze kuti kumwa mankhwalawa motsatira malangizo a dokotala kumawonjezera chiopsezo chimenecho.

Pali nthenda ina imene dokotala sayenera kuiphonya, ndiyo bipolar, nthenda imene munthu amasinthasintha pakati pa nyengo yokwera, ya chisangalalo ndi mphamvu zopitirira muyezo, ndi nyengo yotaya mtima, ndipo kawirikawiri imayamba pa msinkhu womwewu. Munthu akakhala pa nyengo yokwera ya nthendayi amalankhula mothamanga, amadumphadumpha pa nkhani ndipo amachita zinthu mosaganiza, zimene zimafanana ndi ADHD. Koma bipolar imabwera ndi kupita, ndipo pa nyengo yokwerayo munthu amagona maola awiri kapena atatu kwa masiku angapo osamva kutopa, amadziona ngati angathe chilichonse, ndipo amene amamudziwa amanena kuti si iye uja. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika chifukwa mankhwala a ADHD akaperekedwa kwa munthu wa bipolar amene sakumwa mankhwala okhazikitsa maganizo, akhoza kumudzutsira nyengo yokwerayo. Autism, vuto lokhudza kulumikizana ndi kucheza ndi anthu, komanso vuto la kuwerenga lotchedwa dyslexia zimapezekanso kawirikawiri pamodzi ndi ADHD, ndipo kuyambira mu 2013 madokotala amaloledwa kunena kuti munthu mmodzi ali ndi ADHD ndi autism, zimene kale buku la DSM linkakana.

Tsopano titembenuze nkhaniyi, chifukwa kulakwitsa kumachitikanso mbali inayo. Masiku ano ophunzira ambiri amaonera timavidiyo tatifupi pa TikTok kapena YouTube n'kudzipeza okha ndi ADHD. Sindiwaweruza, popeza ambiri akufunafuna dzina la mavuto enieni amene akukumana nawo. Palinso mafunso 18 otchedwa ASRS, amene anakonzedwa mogwirizana ndi WHO, ndipo amapezeka mosavuta pa intaneti. Mafunsowa amathandiza kusonyeza amene akufunika kuyezedwa bwino, koma paokha sangagamule kuti munthu ali ndi ADHD. Wophunzira amene anali wadongosolo ubwana wake wonse, n'kuyamba kubalalika maganizo ali m'chaka chachiwiri, ayenera kufufuzidwa zina, monga imfa ya wachibale, nkhanza zimene anachitiridwa, kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro kapena kusowa tulo. Kumupatsa mankhwala a ADHD kungachedwetse thandizo limene akufunikiradi.

[Chithunzi: dokotala ndi wophunzira akhala moyang'anizana, pa tebulo pali mapepala.]

Mavuto awiri kapena atatu akapezeka mwa munthu mmodzi, madokotala amayamba ndi limene likuopseza moyo kwambiri. Maganizo ofuna kudzipha, bipolar yosakhazikika kapena uchidakwa zimayamba kuthandizidwa, kenako ADHD. Koma pamene nkhawa kapena kutaya mtima zili zochepa ndipo zikuoneka kuti zikuchokera ku kulephera kwa tsiku ndi tsiku, kuthandiza ADHD kumatha kupepukitsa zonse. Mankhwala odziwika kwambiri ndi methylphenidate, amene anapangidwa koyamba mu 1944 ndipo ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Ritalin, komanso a gulu la amphetamine monga lisdexamfetamine. Malangizo a bungwe la NICE la ku Britain a mu 2018 amati awiriwa ndi amene ayenera kuyamba kuyesedwa mwa akuluakulu. Mankhwalawa akhoza kuchepetsa chilakolako cha chakudya, kuchedwetsa tulo ndi kukweza pang'ono kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, n'chifukwa chake dokotala amayeza zimenezi asanawapereke komanso pambuyo pake. Palinso atomoxetine, amene anavomerezedwa ku America mu 2002. Amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ntchito, koma amakhala oyenera kwa amene ali ndi vuto la mankhwala ozunguza bongo, ndipo amathandizanso ena amene ali ndi nkhawa yaikulu.

Ndichenjezepo za chizolowezi chobwerekana mapiritsi amenewa nthawi ya mayeso. Methylphenidate ili pa mndandanda wa mankhwala oyang'aniridwa mwapadera pa pangano la United Nations la mu 1971, ndipo m'mayiko ambiri kuigulitsa kapena kupatsa mnzako ndi mlandu. Amene amamwa popanda ADHD amangomva ngati akuwerenga bwino chifukwa tulo tachoka, koma kafukufuku sanasonyeze kuti magiredi awo amakwera, ndipo ngati ali ndi vuto la mtima kapena bipolar imene sakuidziwa, akuika moyo wawo pa ngozi.

Mapiritsi amathandiza munthu kukhala pansi, koma samuphunzitsa kugawa ntchito ya masabata atatu. Zimenezo zimachokera ku uphungu wotchedwa CBT, umene Steven Safren ndi anzake ku Boston anasonyeza mu 2010 kuti umathandiza akuluakulu amene akumwa kale mankhwala koma zizindikiro zidakalipo. Munthu amaphunzira kusunga kalendala imodzi yokha, kudula ntchito yaikulu m'tizidutswa timene angayambe lero, ndi kutsutsa mawu a mumtima onena kuti ndi wolephera. Mayunivesite ambiri alinso ndi ofesi yothandiza ophunzira amene ali ndi zosowa zapadera, kumene munthu wokhala ndi kalata ya dokotala angapemphe nthawi yowonjezera pa mayeso kapena chipinda chopanda phokoso.

Kwa amene mukuganiza zokaonana ndi dokotala, konzekerani kuyankha funso lathu lija. Kwa masabata awiri lembani nthawi imene mwagona ndi imene mwadzuka, komanso mowa, chamba kapena zakumwa zochotsa tulo zimene mwagwiritsa ntchito, ndipo musabise kanthu chifukwa cha manyazi. Funsani makolo, akulu anu kapena aliyense amene anakulerani kuti akuuzeni mmene munalili muli ndi zaka 8 kapena 10, ndipo ngati n'kotheka apite nanu kapena alankhule ndi dokotalayo pa foni. Funsaninso ngati m'banja mwanu muli amene anadwalapo bipolar kapena nthenda ya mtima. Ngati malipoti anu a ku pulayimale adakalipo, atengeni onse. Dokotala sadzayang'ana kwambiri malikisi, koma mzere wa m'munsi umene mphunzitsi ankalemba ndi dzanja lake, kuti aone ngati chaka ndi chaka aphunzitsi osiyanasiyana ankabwereza mawu ofanana, onena kuti mwanayu ndi wanzeru koma samaliza ntchito, amaiwala makope, ndipo m'kalasi amakhala ngati akulota.